Mtanda wa Atate ndi Phulusa la M'mbaula

Mpaka lero ndikamva fungo la phulusa lonyowa losakaniza ndi ndimu, ndimaona khosi la atate likuwerama patsogolo panga. Tinkakhala ku Wusakile, komboni ya ogwira ntchito pamgodi wa kopa, m'kanyumba ka mgodi kamene malata ake anadyeka ndi senta, utsi wowawa uja wa ku simelita, kosungunulira miyala, umene unkatikhosomoletsa mphepo ikatembenuka. Atate ankagwira ntchito ya mapampu opopa madzi pansi pa mgodi, ndipo m'mawa uliwonse, asanatenge chisoti ndi majombo, ankawerama kuti ine ndiwaveke mtanda wawo. Achimwene anga ankati imeneyo ndi ntchito ya atsikana. Ine ndinkainyadira kuposa kupambana pa chiyato.

Unali mtanda wachitsulo, wakuda pakati, wa mkombero wasiliva, wokhala ndi chisoti chachifumu pamwamba, chilembo cha W pakati, ndi 1914 m'munsi. Anabwera nawo ndi agogo awo a atate, amene anatengedwa kumudzi kwathu ku Katete kukasenza katundu wa asilikali pa nkhondo ya azungu. Mmene anaupezera palibe ankadziwa. Amayi, Mkatolika wa m'kwaya wosagwedezeka, anagamula kalekale kuti chisoticho ndi cha Khristu Mfumu, ndipo pa nkhani za tchalitchi amayi sankatsutsidwa. Atate akaweruka ndinkauvula mtandawo, pakudapo n'kupakapo kadontho ka mafuta ophikira, koma mkombero ndi kamphete kodutsamo chingwe ndinkazikwecha ndi phulusa la m'mbaula mpaka zala kuwawa, poti m'menemo ndi mmene thukuta ndi matope zinkakakamira. Ntchitoyi ndinailandira kwa amayi, iwonso anailandira kwa apongozi awo. Ndikatha ndinkaupachika pamsomali pafupi ndi chithunzi cha Amayi Maria.

Chaka chimene ndikunenachi mvula inagwa ngati yatikwiyira. Ngalande zinasefukira, zovala sizinkauma, nyumba yonse inkanunkha nguwi ndi makala onyowa. Inali nthawinso imene anthu ankachotsedwa ntchito pamgodi mwaunyinji, moti kuona lole itaima pakhomo la anzathu ikupakira mabedi sizinali zachilendo. Anzanga ankathamangitsa inswa pansi pa magetsi a mumsewu, ine ndinkangoganiza kuti madzi onsewa akulowa m'nthaka, ndipo m'nthakamo muli atate.

Ndiye tsiku lina atate anabwera khosi lili mbee, mtanda palibe. Ndinali nditakonzeratu phulusa m'kambale, ndinangoima nalo kukamwa yasa. Anafotokozera amayi ali chiimire kuti posamba ataweruka, mzungu wina, injiniya wamkulu wa mapampu, anauona mtandawo n'kuchita nawo chidwi. Akuti ankasonkhanitsa mitanda yotere, ndipo anapempha kuti abwereke akaufananize ndi yake, adzawaitana Loweruka. Amayi anawafunsa kuti pakamwa anapasiya kuti, osangokana bwanji. Atate anangoti, "Amake mwana, munthu amene amasankha otsala pantchito ungamukanize chiyani masiku ano?" Mapoto analira kukhitchini tsiku limenelo.

M'mawa mwake atate anafika pakhomo n'kuwerama mwachizolowezi, kenako anakumbukira, anadziwongola n'kutuluka. Ine mantha anandigwira. Chiyambire ntchito anali asanatsikepo pansi opanda mtandawo, ndipo mumtima mwanga ndinalibe chikayiko choti umenewo ndi umene unkagwira miyala kuti isawagwere. Kusukulu aphunzitsi ankalankhula, ine makutu ali kumsewu. Galimoto ikadutsa mothamanga ndinkati ndi ambulasi. Madzulo ndinkakakhala pakalavati pamapeto a mzere wathu wa nyumba, mvula ikundinyowetsa, kuyang'ana zisoti za anthu oweruka mpaka nditazindikira kayendedwe ka atate kotsimphinira pang'ono. Amayi ankandikalipira kuti ndidwala chibayo, chonsecho iwonso ankasesa pakhomo posesedwa kale, maso ali komweko. Tinapemphera korona sabata imeneyo kuposa Okutobala yense, mwezi wa korona.

Loweruka masana atate anavala jekete la kutchalitchi. Ine ndinalira mpaka anandilola kutsagana nawo, poti wosunga mtanda ndinali ine. Tinayenda mpaka ku mayadi, kumene misewu inali ndi mitengo mbali zonse ndipo agalu ankauwa kuseri kwa mipanda. Mzungu uja anatilandira bwino, sindingamunamizire. Anatikhazika pakhonde, anandipatsa chakumwa chozizira, kenako anatulutsa kabokosi kafulati ka galasi pamwamba. Mayo ine, munali mitanda ngati ya atate mizeremizere, yonse yakuda, itagona pansalu yofiira. Ine ndinkati wathu ndi umodzi wokha padziko lonse. Pakona ya bokosilo panali malo opanda kanthu, ndipo mtanda wa atate anali atauika pambali pa malowo. 

Mzunguyo anayamba kufotokoza m'Chingerezi chosakaniza ndi Chibemba chothyokathyoka, atate akungovomera mwaulemu kuti mukwai, mukwai. Anati imeneyi ndi mendulo imene Majeremani ankapatsa asilikali awo olimba mtima pa nkhondo, ndipo chisoti chija ndi cha mfumu yawo, W n'kukhala chiyambi cha dzina lake. Za tchalitchi munalibemo n'kamodzi komwe. Anagunditsa maginito pa mtanda wathu ndipo unamata, iye n'kugwedeza mutu kuti ndi weniweni, wa chitsulo m'kati, osati wongoumba. Anati ankaipanga amisiri ambiri osiyanasiyana, aliyense ndi dzanja lake, wina chisoti chotambalala, wina timizere ta m'mphepete tothinana, ndipo ambiri ankadinda tizilembo ta dzina lawo pa kamphete. Zimene iye ankasaka ndi tizilemboto. Chisoti cha mtanda wathu chinkafanana ndi cha mmisiri wina amene iye analibe, ndipo ngati kamphete kakanavomereza, anati akanakonda kuti akambirane ndi atate. Tonse tinadziwa kuti kukambirana kumeneko kukanathera m'bokosi muja.

Anati sabata yonse wakhala akudikira kagalasi kamphamvu kokuzira zinthu kamene mnzake wa ku Ndola anali atangomubweretsera. Anakaika padiso n'kuyamba kutembenuza kamphete pang'onopang'ono, kulozetsa ku dzuwa limene linali litangotuluka m'mitambo. Ine ndinagwira jekete la atate. Ndinkapemphera, koma chopempha chenicheni sindinkachidziwa. Anatembenuza, anapukuta, anatembenuzanso, kenako anausa moyo n'kufunsa kuti ndani amatsuka chinthuchi. Atate anandiloza. Ndinanena kuti ndimakwecha ndi phulusa ndi ndimu tsiku lililonse. Mzunguyo anagwira kumutu ngati wamva za maliro. Anandipatsa kagalasiko kuti ndione ndekha, ndipo pa kamphete panali kakhwawa kosaoneka bwino, mthunzi chabe wa chilembo. Manja a agogo, a amayi ndi anga anali atadya dzina la mmisiriyo mpaka kulitha. Anati popanda chidindo sangatsimikize kanthu, ndipo mitanda yosadziwika oipanga anali nayo kale yokwanira. Anaupereka m'manja mwa atate n'kundichenjeza kuti ndisadzaukwechenso.

Pobwerera atate anayenda mtanda uli m'thumba la jekete, osati m'khosi. Apa mantha anga anasintha mtundu. Ndinkaopa kuti poti amva kuti ndi chinthu cha nkhondo, chopatsidwa kwa munthu amene mwina anapha anzake, sadzauvalanso, ndipo azitsika pansi khosi lili mbee mpaka kalekale. Kunyumba anauza amayi kuti bwana wabweza, basi, za mfumu ya Majeremani sanatchule, ndipo inenso ndinatseka pakamwa.

Masiku ano ndimaona pafoni anthu akutsutsana za tizilembo ta pa timphete timeneti, ndipo ndimamvetsa kuti kwa iwo ife tinawononga chinthu chamtengo. Nyumba ija ili ndi eni ake ena, atate anapita kale, anamwalirira pabedi lawo atakalamba, ndipo mtandawo uli kwa ine, wosadziwika woupanga mpaka lero. Sindinganene kuti ndi umene unkagwira miyala. Chimene ndikudziwa n'chakuti munthu wotsika pansi pa nthaka amafuna wina womuveka kanthu m'mawa ndi womuvula madzulo, ndipo azimayi atatu a banja lathu anasiya chidindo chawo pa kamphete kaja pofufuta cha mwini wake.

Lolemba lotsatira Loweruka lija m'mawa mvula inali ikugwabe. Atate anavala majombo, anatenga chisoti, anafika pakhomo n'kuima. Ine ndinali nditautulutsa mtanda m'thumba la jekete lawo, ndili chiimire nawo m'manja, osadziwa ngati ndiwapatse. Anandiyang'ana, kenako anawerama, ndipo pamene ndinkadutsitsa chingwe pamutu pawo anandinong'oneza kuti amayi asamve: "Mama, madzulo ukweche kwambiri, pangabwerenso wina wa galasi loposa lija."