Kumene Marcia Anasungitsa Mayina

Marcia Joao ndakhala naye khonde limodzi pa Chitakale zaka khumi ndi chimodzi, ine ndi makina anga osokera, iye ndi kompyuta yake. Ndiye wina asandiuze za iye. Masiku ano anthu akamadutsa amalozerana ndi milomo, ati si uyo anagulitsa azimayi a ku tiyi. Bodza lenileni! Marcia sanagulitse munthu. Analakwitsa chinthu chimodzi, ndipo polakwitsapo ine Cecilia ndinali pambali pake, ndikumuchemerera.

Ku Malawi kuno analowa ali kumsana kwa mayi ake, nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, kuolokera pa Muloza. Bambo ake anatsalira m'mbuyo kuti akatenge mbuzi zimene anasungitsa kwa m'bale wawo wakutali, ndipo mpaka lero sanafike. Mayi akewo anamulera m'malaini, nyumba za antchito a esiteti ina, akutchola tiyi, ndipo nyimbo yawo inali imodzi: chako chizikhala pamene maso ako akufika. Sukulu anafika nayo fomu folo, n'kuphunzira kutaipa pa Boma. Mwamuna wake anapita ku Joni, n'kuiwala njira yobwerera. Kuyambira pamenepo Marcia wakhala akudya za kulembera anthu makalata ofunsira ntchito ndi mapologalamu a ukwati. Ndi munthu wa mawu ochepa, koma kuuma mutu kwake, ayi ndithu, ngakhale bulu amagonja.

M'chaka cha 2018 azimayi otchola tiyi amene ankabwera kudzalembetsa makalata anayamba kumatsalira pabenchi. Kalata yatha, iwo osanyamuka. Kenako ankayamba kuyankhula motsitsa mawu, ine n'kuchepetsa kupalasa makina. Nkhani inali ya kapitawo wina, dzina lake sinditchula, lingandidetse m'kamwa. Nyengo yolemba ntchito ikayandikira ankauza mkazi kuti ngati akufuna dzina lake likhalebe m'buku, akamupeze kuseri kwa shedi. Marcia ankawajambula mawu pa foni, iwo atavomera, ndipo tsiku lina anandiuza kuti atsegula bulogu, tsamba la pa intaneti, aziikapo nkhanizi atasintha mayina.

Amene ananena zambiri anali Yunesi, mayi wamasiye wa ana atatu. Nayenso makolo ake anachokera kutsidya kwa malire, ndipo kuno analibe mudzi, analibe ngakhale mzere umodzi wa munda. Nyumba imene ankagona inali ya kampani. Ntchito itatha, nyumbanso yatha, ndipo izi ankazidziwa bwino.

"Achemwali, dzina langa silituluka?" Anafunsa katatu tsiku limenelo.

"Silituluka," anatero Marcia. "Ndikulumbira pa manda a mayi anga."

Wotithandiza nzeru anali a Yosefe, mphunzitsi wa makompyuta pa sekondale ina. Anatifotokozera kuti bulogu siyandama m'mwamba ayi, imakhala m'kompyuta yaikulu yosazima imene amaitcha seva, ndipo munthu umachita lendi malo mmenemo. Anati mafunso ndi awiri. Loyamba, sevayo iziyendera chiyani, Linakisi kapena Windozi. Lachiwiri, ikhale kuti, m'dziko momwe muno kapena kunja.

Funso loyambalo linatidyera sabata yathunthu. Marcia anakakamira Windozi, ati kompyuta yake ndi ya Windozi, ndiye ikakumana ndi Linakisi sizimvana.

"Mayi Joao, foni yanu mukaimbira foni ya mtundu wina, simumvana?" a Yosefe anafunsa akupukuta magalasi. "Sizikhudzana zimenezo. Linakisi ndi yotsika mtengo, ndipo pulogalamu ya bulogu imakhazikikamo bwino."

Marcia sanakhutire. Anawerenga pa intaneti mpaka maso kufiira, analemba zabwino ndi zoipa za chilichonse kuseri kwa pologalamu ya ukwati wa eni ake, ine mutu unachita kuwawa ndi mayina amenewa. Lachisanu ndi pamene anavomera Linakisi, ndipo pamenepa sanalakwitse, chifukwa sinamuvutitsepo ngakhale tsiku limodzi.

Funso lachiwiri, lomwe linali lenilenilo, tinaliyankha msanga kuposa kusokerera batani.

"Ikani kunja, kutsidya kwa nyanja," anatero a Yosefe. "Tsamba lizichedwako pang'ono kutseguka, inde. Koma nkhani zanuzi n'zoyabwa. Ikani kumene munthu wa kuno sangakwere minibasi n'kukagogoda."

Ndinaona nkhope ya Marcia ikusintha atangomva zoti kutali. Ndiye ine, pakamwa panga posatsekapa, ndinalumphira.

"Aphunzitsi, inu mungasungitse katundu wanu kwa munthu amene simunamuonepo nkhope? Zikasowa mukamugwira pati? Kulibwino wakwathu, woti akachita zopusa tikamunenera kwa amalume ake."

Marcia anagwedeza mutu. A Yosefe anayesa kubwerezanso, ine ndinawaseka, ndinati sukulu yawachititsa kukhulupirira azungu kuposa abale awo. Anatenga njinga yawo n'kumapita, ndipo pakhonde pathu sanabwerenso. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine mnansi ameneyo ndinamuthamangitsa ndi chipongwe.

Tinamva za Benjamin, mwana wa ku Milonde, amene anali ndi kakampani kake kosunga masamba a pa intaneti ku Limbe. Tinakwera minibasi tonse awiri. Anatilonjera m'Chilomwe, Marcia mpaka kumwetulira, chinthu chosowa. Anatilowetsa m'kachipinda kozizira ngati m'filiji, n'kutionetsa kabati yakuda yothwanima timagetsi tobiriwira. Marcia anaikapo dzanja, n'kulisiya pomwepo kanthawi.

"Zanu zizikhala umu, achemwali," anatero Benjamin. "Mukafuna kudzaziona, khomo ndi lomweli."

Bulogu inatseguka mu Juni, ndipo inkatseguka mwachangu ngakhale pa timafoni totchipa. Makondakitala pa siteji ankawerengerana mokweza. Mayina onse anali osintha, esiteti yosatchulidwa, koma a m'malaini ankadziwa kapitawo wake. Ndinamuona ndekha akudutsa pamsika mutu uli pansi, ndipo ndinasangalala, sindibisa.

Apa Marcia anayamba kuopa kuti wina angadzabe kompyuta kapena foni yake. Ndiye anatenga mawu onse ojambulidwa aja, ndi mayina enieni a azimayi asanu ndi awiri, n'kuziika m'chigawo chobisika cha bulogu, chotseka ndi pasiwedi, kuti mwina tsiku lina zidzafunika kukhoti. Mufoni ndi m'kompyuta anafufutamo. Iye ankaganiza kuti pasiwedi yatseka aliyense. Sitinkadziwa kuti mwini seva amalowa paliponse m'makina ake osapempha, ndipo munthu amene akanatiuza zimenezi ndi amene ndinamuseka uja.

Mu Okutobala, m'mawa wina, tsamba linakana kutseguka. Marcia anaimbira Benjamin, foni kumangoitana. Tsiku lachitatu tinakwera minibasi. Tinamupeza, ndipo maso ake ankangothawira pakhoma.

"Anabwera anthu awiri pa galimoto," anatero. "Anali ndi kalata yoopseza za kukhoti. Winayo ndi malume a mkazi wanga, amagwira mu ofesi ya pa esitetipo. Anakhala pampando mwakhalapo inupo. Ndikanatani, achemwali? Apongozi amabwezedwa pakhomo?"

"Ndiye unawatsegulira?" Ndinali nditaimirira kale. "Iwe galu iwe, unawatsegulira?"

"Anati angoona. Kenako anakopera mu foni."

Ndinamutukwana mpaka a m'maofesi oyandikana anatuluka kudzaonerera. Ndinamutchulira amake, agogo ake, ndi Milonde yense. Zinathandiza chiyani? Kuyandikira kumene ine ndinkatamanda kuja, koti tikhoza kukamupeza, enanso anakuona. Minibasi imene inatifikitsa ife ikanafikitsa aliyense. Marcia sanatukwane. Anafunsa funso limodzi lokha.

"Mawu a Yunesi anamvera?"

"Onse anamvera."

Tinakwera minibasi yobwerera. Titadutsa pa Luchenza Marcia anapempha dalaivala kuti aime, anatsika n'kusanza m'mbali mwa msewu.

Palibe amene anachotsedwa ntchito chifukwa choyankhula, ayi, anthu ake ndi ochenjera. Kungoti mu Novembala, mayina a olembedwanso ntchito atakhomedwa pa ofesi, asanu ndi awiri aja munalibe. Ena anali ndi kwawo kopita, wina ku Phalombe, wina kwa mwamuna wake. Yunesi anapatsidwa sabata imodzi kuti atuluke m'nyumba. Kapitawo uja ali pantchito mpaka lero, wanenepa.

Marcia anati tipite kumalaini. Ine ndinkachita mantha, koma ndinapita, chifukwa mlanduwu unali wanganso. Mvula yoyamba inali itagwa dzulo lake, njira yonse matope. Tinapeza njinga ziwiri za kabaza zitaima pakhomo. Pa ina anali atamangapo mphasa, ndowa ndi thumba la ziwiya. Azimayi a nyumba zoyandikana anaima m'makomo mwawo manja ali m'chiuno, ndipo palibe anatilonjera. Yunesi ankapita ku Milanje, kutsidya kwa malire, kwa azakhali ake amene anawaona komaliza ali kamtsikana, osadziwa ngati akadali moyo. Ana awiri aakulu anali atatsogola kale wapansi.

Marcia anagwada m'matopemo.

"Yunesi, pepani. Ndine ndalakwa."

Ndinkayembekeza kuti amumenya khofi, ndipo ndikanakonda akanatero, mwina tikanapepukidwa. Yunesi anapitiriza kumanga mfundo ya thumba lake mpaka inalimba, kenako anatembenuka.

"Achemwali, za nyumbazi zisiyeni, nyumba sinali yanga. Mukudziwa chimene anachita kapitawo uja Lolemba? Tili pamzere wa sikelo, madengu ali kumsana, anatulutsa foni n'kutsegula mawu anga. Onse anamva. Zonse zimene anandichita kuseri kwa shedi, ndikunena ndi pakamwa panga. Pamene ndinkalira paja anabwereza kawiri, akuseka. Mwana wanga wamkulu anali pomwepo, anandibweretsera madzi."

Marcia anali chigwadire m'matopemo.

"Dzukani, mukudetsa chitenje," anatero Yunesi. "Ingondigwirirani mwanayu ndikwere."

Marcia anadzuka, analandira kamwanako, n'kudikira mayi ake akhazikike pa njinga. Atamupatsira, wakabaza anapalasa, ndipo tinaima pomwepo mpaka anakhota kuseri kwa tiyi.