Funso la Mnyamata wa Kumbuyo

Mpeni wa bambo unali ndi chigwiriro cha nyanga ya ng'ombe, chachikasu ngati dzino la nkhalamba, ndipo unkagona m'kansalu kobiriwira pamwamba pa kabati. Sunadulepo anyezi kapena chingwe. Ntchito yake inali imodzi yokha, kuzinga. Ndikaukumbukira ndimamva fungo la nthenga zonyowa ndi madzi otentha, ndipo ndimaona fumbi lofiira la ku Chitipa likuuluka pakati pa nyumba za boma nthawi yozizira.

Bambo anali dalaivala wa galimoto ya boma. Anawasamutsa kuchokera ku Mangochi ine ndili wamng'ono, ndipo pa mzere wonse wa nyumba zija Asilamu tinali ife tokha. Ena onse, aphunzitsi, apolisi, anamwino ndi a kasitomu, Lamulungu m'mawa ankalowera kutchalitchi, mzere n'kutsala zii. Asilamu ena ochepa ankakhala kuseri kwa msika, amalonda olankhula Chiswahili, komwe kunali kamzikiti ka zidina kofolera malata akale.

Sindidziwa amene anayambitsa, koma pasanapite nthawi panalibe nkhuku yomwe inkafa pa mzerewo bambo osaitanidwa. Mwana ankafika atapanira tambala m'khwapa n'kuti, "Monire. Adada akuti mutizingireko." Bambo ankasamba m'manja, kutsitsa mpeni, kuyang'ana kumpoto, komwe timaloza popemphera, n'kutchula dzina la Mulungu chapansipansi. Chifukwa cha ichi tinkadya paliponse, pa ukwati ndi pa maliro pomwe. Amayi a nyumba yoyandikana ndi yathu, mkazi wa mesenjala, mbadwa ya ku Misuku, anafika pogula poto wina wosakhudza nkhumba kuti azitiphikiramo mbalagha, nthochi zosapsa zophika pamodzi ndi nyama. Amayi anga nawo ankawaphunzitsa kukazinga vitumbuwa vya mpunga. Ankacheza Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka, aliyense akuseka kalankhulidwe ka mnzake.

Chaka chomwe ndinali mu Sitandade 5, Ramazani inagwa pakati pa kuzizira, ndipo ndinaloledwa kufunga, kusala kudya masana, mwezi wonse koyamba. Nthawi yomweyo kunabwera amalume, mlongo wawo wa amayi, kudzagula nyemba zokagulitsa kwathu. Mwezi utaoneka anaganiza zofunga nafe limodzi.

Ndinkawakonda amalume. Anali ataphunzira kumadrasa kuposa aliyense pa mtundu wathu, ndipo mawu awo powerenga Kurani ankachititsa ngakhale ana a apolisi kusiya mpira n'kuima pampanda. Mbandakucha ankadzuka oyamba kutikolezera mbaula, n'kundifunditsa jekete lawo ndikamadya daku, chakudya cha kusanache, ndili njenjenje. Masana milomo inkang'ambika ndi mphepo, m'mimba muli pululu, koma mumtima ndinkadzimva wamkulu. Dzuwa likamalowa kuseri kwa mapiri ndinkaima pakhonde ndi kapu ya thobwa la mawere m'manja, kudikira kuti amalume agwedeze mutu. Kufikira lero sindinamwepo chakumwa chokoma ngati thobwa limenelo.

Tikamaliza kufutulu, kudya kwa madzulo komasulira kusala, mkangano unkayamba, ndipo unali womwewo tsiku lililonse. Amalume ankafuna kuti tisamukire kuseri kwa msika, pakati pa anzathu. "Mwana uyu amaimba nyimbo za kutchalitchi akamatsuka mbale," ankatero, ndipo sankanama, chifukwa nyimbo za pa sukulu ndinkazidziwa kuposa masura a m'Kurani. "Anthuwa amaitana mpeni, alamu, osati inuyo." Bambo ankayankha akuseka kuti mpeniwo sunapiteko wokha nyumba ina iliyonse. Amalume ankati madzi ochepa akathiridwa mumtsuko waukulu sapezekanso. Bambo ankati kuseri kwa msika kuli mabanja omwe akhala zaka zambiri ku Chitipa koma sadziwa kunena "yewo", ndipo akadwala usiku sadziwa khomo logogoda. Amayi ankangochotsa mbale. Ndili mwana ndinkaganiza kuti mmodzi mwa awiriwo ayenera kukhala wolakwa. Lero ndili ndi ana anga amene amayankha salamu mwachizungu, ndipo sindithanso kuwaseka amalume.

Kusukulu tinkakonzekera chikondwerero cha ufulu. Masana aliwonse atsikana tinkavina pabwalo fumbi lili koboo. Tsiku lina kunabwera wapampando wa chipani wa dera lathu, ndi anyamata ake a malaya ofiira, kudzaona mavinidwe. Atakhutira anatiuza kuti pa tsikulo kudzaphedwa ng'ombe, ndipo mwana aliyense adzadya masana pabwalo pomwepo, posonyeza umodzi.

Ndinakweza dzanja. Ndinati ine sindidzadya, ndikufunga.

Ng'oma zinali zitaleka kale, komabe ndinamva ngati zalekanso kachiwiri. Wapampando anafunsa kuti ndine mwana wa yani, ndiponso kuti ndi mpingo uti umene ukuletsa ana chakudya cha boma. Sindinkadziwa kuti zaka zochepa m'mbuyomo anthu a mpingo wina, okana kugula makadi a chipani, anawaotchera nyumba n'kuwathamangitsa m'dziko. Aphunzitsi athu ankadziwa. Anali bambo wachinyamata wa ku Nthalire, wovala juzi yoluka pamanja. Anathamangira kwa wapampando, nalankhula naye m'Chitumbuka mofulumira, akuseka, manja atawapinda kumbuyo. Ndinangotolapo mawu akuti Chisilamu ndi dalaivala. Wapampando anaseka nawo, nati, "Oho, mwana wa ozinga aja," n'kumapita.

M'mawa mwake aphunzitsi anatseka buku la masamu n'kundiitana kutsogolo. Anauza kalasi kuti dzulo anthu anadabwa chifukwa sadziwa, ndiye lero aliyense afunse chilichonse chimene akufuna za Chisilamu, ine ndiyankha. "Palibe funso loletsedwa," anatero. Mawu amenewo sindinawamvepo pakamwa pa munthu wamkulu aliyense zaka zimenezo.

Manja anakwera ngati chimanga. Kodi n'zoona kuti simumeza malovu? Kodi mumadya usiku wonse mpaka kucha? Nkhumba inakulakwirani chiyani? Bwanji mumaika maliro opanda bokosi? Ndinkayankha zomwe ndinkadziwa, zina ndinkapeka, kalasi yonse ikuseka, inenso ndikuseka. Sindinasangalalepo choncho pa sukulu ija. Kenako mnyamata wina wamtali wokhala kumbuyo, wobwereza kalasi, amene sankalankhulalankhula, anaimirira. Sanali wamwano. Anafunsa modekha kuti, "Asekuru ŵane amati Asilamu ndi amene ankagwira anthu kuno n'kukawagulitsa kunyanja. N'zoona?"

Ndinayang'ana aphunzitsi kuti amukalipire. Sanamukalipire. M'malo mwake anandiuza kuti, "Ili ndi funso lalikulu. Ukafunse kunyumba, udzatiuze." Ndinabwerera pamalo panga makutu akutentha, ndipo pa njira yonse yopita kunyumba ndinkalira.

Madzulo amenewo thobwa silinakome. Nditafotokoza, amalume anaika kapu pansi n'kuvala nsapato. Anati mphunzitsi ameneyo waimika mwana wofunga kutsogolo kuti anzake amunyoze pamodzi ndi chipembedzo chake, ndipo iwo akupita kwa wapampando kukanena kuti munthuyo akugawanitsa anthu.

Bambo anaima pakhomo. Sanakweze mawu, koma sanasunthe.

Amayi ndi amene analankhula, koyamba pa mikangano ya mwezi wonsewo. "Achimwene, mukakatchula mawu amenewo kumeneko, mphunzitsiyo sitidzamuonanso. Mkazi wake ndi woyembekezera. Timatunga naye pa mpope umodzi."

"Ndiye aliyense azingonena zomwe wafuna za ife?" anafunsa amalume. "Mwana wanu wabwera akulira, achemwali."

"Kuno kulibe amene amanena zomwe wafuna, alamu," anatero bambo. "Inu ndi ine tikufuna kutchula boma timayamba tasuzumira panja. Lero mwana mmodzi wafunsa poyera chimene makolo ake amanong'ona, ndiye tikhale ifeyo okamutsekera pakamwa? Tikaitana anthu aja kuti atitetezere Mulungu, mawa adzabwera kudzatiuza mmene tizimupempherera."

Amalume anaima nthawi yaitali, dzanja lili pa mzuli wawo. Kenako anavula nsapato. Sanavomereze kanthu, anangoti m'dera la Asilamu okhaokha mwana sakanafunsidwa zimenezi, ndipo bambo anati n'zoona, sakanafunsidwa.

Atatero bambo anandikhazika pafupi nawo. "Mnzakoyo sananame," anandiuza. "Ena mwa anthu athu ankagwiradi anzawo n'kuwagulitsa. Koma agogo a amayi anga nawonso anagwidwa ali kamtsikana ngati iwe, n'kusinthanitsidwa ndi nsalu, ndipo Chisilamu anachipeza m'nyumba ya amene anawagula. Ife tinachokera kwa onse awiriwo. Ukamuuze zonse, osasiyako mbali." Amalume anali atakhala pakona. Anawonjezera, osandiyang'ana, kuti ndikanenenso kuti Buku limalamula kumasula kapolo.

Tsiku la chikondwerero linafika ndi mphepo yozula mbendera. M'mawa anyamata a malaya ofiira anabwera kudzatenga bambo kuti akazinge ng'ombe ija. Tinavina mpaka mawondo kuwawa. Masana bambo anaima pa mphika waukulu akugawira anthu nyama, ngakhale wapampando anamuikira chiwindi m'mbale, iwo osalawa kanthu, ndipo palibe anafunsa. Ine ndinakhala pansi pa mtengo ndi anzanga akudya, wina akundinunkhitsa fupa mwadala, tonse tikuseka.

Dzuwa litatsala pang'ono kulowa, amayi oyandikana nafe aja anafika atasenza beseni lovundikira. Anali atatisungira gawo lathu n'kuliphika ndi nthochi mu poto wathu uja. Anakhala nafe pamphasa, ndipo ngakhale ankanena kuti ali ndi njala, sanayambe kudya. Anayang'anitsitsa amalume n'kufunsa kuti, "Nyengo yakwana, ashehe?" Amalume sanali shehe, koma dzinalo analilandira. Anasuzumira kumadzulo, nagwedeza mutu, ndipo tsiku limenelo anadya mbalagha mpaka kupempha ina.

Idi itatha anakweza matumba awo a nyemba n'kubwerera ku Mangochi. Maganizo awo sanasinthe. Potsanzika anauzabe bambo kuti aganizire za kuseri kwa msika, bambo n'kuti aganizira. Tinakhala pa mzere uja zaka zina zingapo, ndipo ndimaziwerengera pa zaka zokoma za moyo wanga.

Patapita nthawi yaitali, ndili kale pabanja, amayi anandiuza kuti m'mawa mwa tsiku lotsatira mkangano wa za aphunzitsi uja bambo anakumana ndi aphunzitsi pamsewu, n'kuimitsa galimoto. Anawathokoza chifukwa cha zomwe anachita pamaso pa wapampando, kenako anawauza zomwe zinatsala pang'ono kuchitika m'nyumba mwathu, ndi kuti m'nyumba ina mwina simudzakhala woima pakhomo.

Ine sindinkadziwa zimenezi. Ndinali ndi yankho langa, nditaliloweza bwinobwino, la agogo ogulitsa ndi agogo ogulitsidwa, ndi mawu a amalume kumapeto kwake. Tsiku lililonse belu likalira ndinkakweza dzanja n'kuti, "Aphunzitsi, ndafunsa kunyumba." Iwo ankandimwetulira, kuyang'ana kukhomo, n'kunena kuti titsegule mabuku a masamu. Mnyamata uja ankandiyang'ana kuchokera kumbuyo, naye akudikira. Sukulu inatsekera tisanapatsidwe mpata, ndipo tchuthi chonsecho ndinali wowakwiyira aphunzitsi anga, ndikudabwa kuti munthu wamkulu angaiwale bwanji ntchito imene wapereka yekha.