Mayi Ermelinda a ku Degue ndi Kapulana Imene Adalandidwa

Akhristu anzanga a kuno ku Degue, tsamba lino lero likamba za Mayi Ermelinda, amene tidawaika m'manda mwezi watha. Ena mwa inu muwerenga mutakwinya nkhope. Kwinyani ndithu, koma muwerenge mpaka kumapeto.

Mayi Ermelinda adabadwira ku Angónia, m'banja la alimi a mbatata. Sukulu sadapite nayo patali, pakuti nkhondo idawapeza akadali mtsikana, ndipo adathawira ku Malawi kolona ili m'khosi, kamtolo kali pamutu. Kumsasa wa othawa nkhondo ndiko adakwatiwa ndi Bambo Albino, ndikonso adaloweza nyimbo zonse za Misa. Mtendere utabwera adatsikira kuno ku Tete, kudzuwa lowotcha mapazi. Bambo Albino adamwalira msanga, ndipo ana awo onse adapita ali makanda. Mayiwa adapirira, namagulitsa makala pakhomo, nalowa gulu la amayi a Mtima Woyera.

Mwambo wathu mukuudziwa. Mayi wa gululi akamwalira, kapulana yake, chitenje chofiira cha gululi, imafunditsidwa pabokosi, kuti aliyense aone kuti amene wapitayo anali mtumiki. Kapulana imeneyi Mayi Ermelinda ankaikonda koposa chilichonse chimene anali nacho. Ankati, "Ine ndilibe mwana wodzandilira. Kapulanayi ndiyo idzandiperekeze."

Ntchito za malasha zitachuluka ku Moatize, achinyamata athu adayamba kusowa m'tchalitchi. Lamulungu wina ali kumgodi, wina ali pamsewu wa ku Beira ndi kamyao, galimoto yaikulu yonyamula katundu. Ngakhale Dino, mwana wa Mayi Carlota amene amatsogolera gulu la amayi, adasiya kuoneka. Akuluakulu adangoti ana amasiku ano ndi otayika, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma Mayi Ermelinda mabenchi opanda anthuwo ankawasowetsa mtendere. Adagula telefoni yakale ya galasi long'aluka, nayenda khomo ndi khomo kupempha manambala a anawo, nawaika m'gulu limodzi pa Watsapu. Kulemba kunkawavuta, choncho ankangodina n'kulankhula. M'mawa uliwonse mawu awo ankafika kumgodi ndi m'makamyao, tambala akulira kumbuyo: "Dzukani, alesi inu, Mulungu wadzuka kale! Iwe wakumgodi, vala chisoti, koma Atate Athu usaiwale." Kenaka ankafotokoza Uthenga wa tsikulo m'mawu awoawo, n'kuimba ndime imodzi.

Kodi mpingo udawathokoza? Ha! Miseche ndiyo idayamba. Ena ankati nkhalamba yapenga, ena ankati ikusaka mwamuna m'telefonimo. Tsiku lina potuluka mu Misa, Mayi Carlota adawaimitsa pakhomo anthu akuona, nawaitana "mana", ndiko kuti achemwali, monga timaitanirana kuno.

"Mana Ermelinda, ukalamba wonsewu n'kumaseweretsa zidole za ana? Adakupatsani ndani udindo wolalikira?"

"Palibe, mana," adayankha Mayi Ermelinda. "Koma mbuzi zikakana kulowa m'khola, msipu timazipititsira komwe zili."

Moto weniweni udabuka pamaliro a mayi ake a Dércio, mnyamata woyendetsa kamyao. Imfa idachitika iye ali kutali, ndipo ndi kutentha kwa kunoku thupi silidikira munthu. Dércio adawachonderera Mayi Ermelinda kuti amve chabe nyimbo yotsazikira mayi ake. Kumanda kuja, bokosi likutsika, iwo adamuimbira telefoni naikweza m'mwamba. Dothi loyamba litagwera pabokosi, kulira kwa Dércio kudatuluka m'telefonimo: "Amayi ine! Amayi!" Anthu adadzidzimuka, ena adabwerera m'mbuyo. Pobwerera kumanda mawu akuti ufiti anali atayamba kale kuyenda, ndipo ena amene adawayendetsa akuwerenga tsamba lino.

Amayi a gulu adaitanitsa msonkhano. Mayi Carlota sadazungulire.

"Mwanyoza manda, mwatichititsa manyazi. Sankhani lero: telefoni kapena kapulana."

Mayi Ermelinda adayang'ana kapulana yawo. Ankadziwa chimene akutaya. Kenaka adamasula kapulana ija, naipinda bwinobwino, naipsompsona, naiika pathebulo. "Ana aja akudikira mawa m'mawa," adatero, natuluka.

Asakunamizeni munthu kuti sizidawapweteke. Zidawapweteka kwambiri, ndipo adalira. Kuyambira pamenepo ankakhala pabenchi yakumbuyo okhaokha. Amayi amene adadya nawo mbale imodzi zaka zambiri ankayang'ana kumbali pa nthawi yopatsana mtendere, ndipo makala ankakagula kutali dala. Komabe Misa sadajombe, sadatukwane munthu, ndipo mawu awo am'mawa sadadukize ngakhale tsiku limodzi.

Chaka chino matenda a mtima adawagoneka. Uthenga wawo wotsiriza unali wa mawu ofooka: "Ana anga, tsiku limene mudzadzuke osandimva, musadzandidikire. Mudzayambe nokha." Adalandira kudzoza kwa odwala, ndipo madzulo ake adatsinzina mwamtendere, kolona ija ya ku Angónia ili m'manja.

Amayi a gulu adakumananso, nagamula kuti lamulo ndi lamulo, kapulana siipita pabokosi. Bokosi lidalowa m'tchalitchi lili mbee, matabwa okhaokha. Koma Misa isadayambe, machapa, maminibasi athu aja, adayamba kuima panja, ndipo achinyamata adatsika ali m'zovala zakuntchito, fumbi la malasha lili kumaso. Adadzaza mabenchi akumbuyo aja mpaka ena kuima pakhomo. Woyamba kupita kutsogolo anali Dino. Adavula jekete lake lakumgodi, naliyala pabokosi.

"Dino! Ukuchita chiyani?" adatero Mayi Carlota, atadzuka pampando.

"Mama, amene ankandidzutsa m'mawa uliwonse kuti ndipemphere ndi awa," adayankha Dino. "Sapita osafunda."

Dércio adatsatira ndi jekete lake, kenaka wina, kenaka wina, anyamata ndi atsikana omwe, mpaka thabwa silidaonekenso. Mayi Carlota adabwerera pampando wawo.

M'mawa mwake matelefoni adalira pa nthawi yake ija. Anali mawu a Dino, osasa, nyimbo akuilakwitsa, koma adayamba monga ankayambira mayi aja: "Dzukani, alesi inu!" Mpaka lero akusinthana, ndipo Lamulungu amene sali kuntchito timawaona pa Misa.

Ambuye awapatse Mayi Ermelinda mpumulo wosatha. Kapulana yawo ikadali m'kabati kwa Mayi Carlota, yopindidwa monga adaipindira eni ake. Kaya adzafunditsa nayo ndani.