Laputopu ya Malemu

Nditasamutsidwa kuchoka ku Dedza kudzaphunzitsa ku Chintheche, ndinayandikana nyumba ndi mkulu wina wa mpingo, mphunzitsi wopuma. Aliyense ankawaitana kuti Ada, kutanthauza bambo m'Chitonga, nanenso ndinangotengera. Anali ndi laputopu ya mwana wawo wamwamuna amene anamwalira akugwira ntchito ku Mzuzu, ndipo ankaisamala ngati khanda.

Chaka china dzinja lili mkati, laputopuyo inakana kuyaka. Wokonza makompyuta anasinthamo zida zam'kati, inayakanso bwinobwino, koma pakona pa sikirini panayamba kuoneka mawu otuwa a Chingerezi ofuna kiyi ya laisensi. Ada anabwera nayo kwanga atakwinya nkhope.

"Aphunzitsi, makinawa akundiyesa wakuba. Chinthu cha mwana wanga yemwe!"

Tinaitembenuza kufuna kapepala kokhala ndi kiyiyo. Kanalipo, koma chinyezi cha kunyanja chinali chitafufuta zilembo zonse. Katoni yake palibe ankadziwa komwe inapita. Mnzanga wina wodziwa makompyuta anandiuza pafoni kuti laisensiyo iyenera kuti inalembetsedwa pa imelo ya mwini wake, ndipo tikalowamo zitheka. Pasiwedi sitinkaidziwa. Titapempha yatsopano, makinawo anati atumiza nambala yachinsinsi ku foni ya malemu.

Ada anandiuza kuti foniyo ili ndi mpongozi wawo, mkazi wa malemu, ku Kande. Chiikireni maliro anali asanalankhulane. Achibale a malemu anatenga katundu m'nyumba mwa mayiyo, laputopuyo inagwera Ada, ndipo iwo sanaletse.

Ndinawauza kuti mawu a pasikiriniwo angowasiya, makina agwirabe ntchito. Anamata kapepala pakonapo n'kupirira milungu ingapo. Loweruka lina anagogoda kwanga atavala jekete la kutchalitchi.

"Tiyeni mundiperekeze ku Kande. Ndekha miyendo ikukana."

Mayiyo tinampeza akuyanika chinangwa pathandala. Anagwada n'kutilonjera mwaulemu, koma ataona chikwama cha laputopu nkhope inagwa. Ada analankhula nthawi yaitali m'Chitonga, ine ndinkangotolapo mawu apo ndi apo. Pomaliza anaika laputopuyo pamphasa patsogolo pake.

"Ama, iyi ndi yanu. Tinakulakwirani."

Mayiyo analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi foni yosweka galasi. Anati ankaitchajabe chifukwa anzake ena a malemu ankaimbabe, osadziwa kuti munthu adapita.

Netiweki inkagwira pansi pa mtengo wa mango basi, ndiye tonse tinasamukira pamenepo. Foni inalira. Iye anawerenga nambalayo, ine ndikutaipa. Titadikira pang'ono, makina anavomera kuti laisensi ndi ya laputopuyo ndithu. Ada anamatula kapepala kaja, pansi pake panalibenso mawu.

"Yewu, ama," anathokoza Ada m'Chitonga.

Mayiyo anapempha kuti ndimutsegulire zithunzi. Anapeza cha tsiku la ubatizo wa mwana wawo woyamba, anachiyang'anitsitsa, kenaka anaseka misozi ili m'maso, akuloza nsapato zazikulu zomwe mwamuna wake anabwereka tsikulo.

Ana awiri a mayiyo anafika kuchokera kosamba. Wamng'onoyo sanawadziwe agogo ake, anabisala kumbuyo kwa amake mpaka atamunyengerera. Nditaona kuti nkhani zayamba kuyenda m'Chitonga chokhachokha, ndinatsanzika n'kukakwera minibasi ndekha. Ada anabwerako mawa lake atanyamula thumba la ufa wa chinangwa. Laputopu inatsala ku Kande.