Kusambira Chogwada pa Damu

Khalani pansi anzanga, khalani kaye. Iwe, tsitsa foniyo. Vidiyo ija nonse munaiona, koma zimene miyendo yanga inkachita pansi pa madzi palibe akuzidziwa.

Damu lija la kunja kwa tawuni mukulidziwa. Mbali ino kuli paki ya mabenchi othyoka, komwe akwati amakajambulitsa Loweruka. Kutsidya kuli nyumba za mabwana, kapinga wobiriwira chaka chonse. Ife a ku komboni ya Chiwaridzo damulo timangolionera pa windo la kombi, minibasi zathu zija, pomwe mpopi wakwathu umatulutsa mphepo yokhayokha. Ine mpaka chaka chatha, madzi ambiri amene ndinalowamo anali a m'beseni.

Koma kuno zikangomveka kuti agogo ako anachokera ku Malawi, basi, ndiwe nsomba. Kuyambira ku sukulu anzathu Achishona ankati, "Achimwene, si kwanu kuli nyanja? Inu mumabadwira m'bwato!" Ine n'kumangogwedeza mutu. Ulemu waulere angaukane ndani? Ndinafika poika pa sitetasi chithunzi cha bwato chotola pa intaneti, n'kulemba kuti magazi saiwala kwawo.

Ndiye nditakhala zaka ndithu ndikungotentha mpando pakhomo, malume anandipezera ntchito kwa makorokoza, anyamata okumba golide aja. Amapopa madzi pa damupo kukatsukira dothi lawo, ndipo ankafuna munthu woyang'anira pampu. Malume anauza bwana wa gululo ine ndili pomwepo, "Uyu ndi mwana wa ku nyanja, madzi ndi kwawo." Bwana sanafunsenso zambiri. Ntchito yake yokoma bwanji! Kuthira dizilo, kukhala pa mwala, kuonera foni. Amayi anayamba kukazinga ndiwo ndi mafuta, osati ongodontheza aja.

Loweruka lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, pampu inayamba kutsokomola. Paipi yatsekeka kunsonga, kutali m'madzimo. Bwana anangonditembenukira. "Pindai mumvura, Achimwene!" Eti ndilowe m'madzi. Ine!

Kusambira ndinali nditaphunzira, inde, koma pa foni, nditagona chafufumimba pa bedi. Ndinavula buluku, foni n'kupatsa mnzanga wina kuti andisungire, osadziwa kuti ayamba kujambula. Pemphero la Atate Wathu ndinalinena kawiri, kachiwiri m'Chishona, kuti mwina kumwamba amve msanga.

Ndinalowa. M'mawondo. M'ntchafu. M'chiuno. Ndikuyendabe, m'chiuno. Ndafika pansonga pa paipi penipeni, m'chiunobe! Anzanga, matope onse amene timatsuka aja amabwerera m'damu momwemo. Tinalikwirira tokha osadziwa.

Kucheuka, gombe ladzaza. Anthu a ukwati asiya wojambula wawo mu paki, athamangira kudzaona. Ndiye ndinaganiza mwachangu: ndikangoima chilili, aliyense aona kuti ngakhale mbuzi ikhoza kugwira ntchito imeneyi, ndipo Lolemba ndibwerera pa mpando wanga uja. Ndinagwada. Madzi m'khosi. Manja ndikuponya ngati mzungu wa mu vidiyo, pansi ndikuyenda ndi mawondo ngati wolapa machimo. Ndinatsina mphuno, n'kumira, n'kuzula chimene chinatseka paipi: thumba la feteleza ndi thewera la mwana. Nditavuuka, mayi wina wa ukwati analuluta kuposa mmene anamululutira mkwatibwi. Bwana anandigulira chakumwa chozizira, akuuza aliyense, "Ndinakuuzani, anthu awa ndi ng'ona!"

Nditafika kunyumba ndinakaonetsa agogo aamuna vidiyoyo. Paja iwo anakalambira mu mgodi, masiku ano amangokhala pakhonde ndi wailesi yawo. Anaionera kawiri, n'kuseka mpaka chifuwa chinawagwira.

"Mdzukulu, nyanja yake iti? Kwathu ndi ku Dedza, pamwamba pa phiri. Nyanja ine ndinaiona pa kalendala ya m'sitolo ya pa mgodi."

"Nanga malume aja, agogo, amati bwanji?"

"Ameneyo? Amazungulira ndi ngalande yomwe."

Ndiye imvani tsono. Mvula yagwa, damu lakhuta, madzi afika mpaka pa mabenchi a mu paki. Bwana wasamutsa pampu, waiika ku khoma la damu, kuja kuli chikwangwani cha chibade cha munthu choletsa kusambira. Kumeneko kugwada kulibe, ndinayesa ndi nsungwi yaitali, yonse inalowa. M'mawa uno meseji yalowa: paipi yatsekekanso, mawa ndilawire. Akuti waitananso anzake okumba golide a ku Kitsiyatota adzaone ng'ona yake.

Ndikanena zoona, ntchito yatha, malume achita manyazi, amayi abwerera ku mafuta odontheza. Ndikapanda kunena, vidiyo yachiwiri mudzaionera pa maliro. Ndatsitsa mavidiyo ena asanu a kusambira, data yonse yathera pomwepo, koma bedi silikundimiza. Iwe ukuseka, iwe, si unalemba kuti "mfumu ya madzi" pa gulupu paja? Tandiuzani anzanga, mukanakhala inu, mawa mukanatani?