Batani la mfuti linandigoneka pamsewu ku Easterhouse

Ndinamvera munthu wachabechabe, ndipo kachitsulo kochepa ngati nyemba kanangotsala pang'ono kundithetsera sukulu. Inu owerenga, imvani nkhaniyi musanapusitsidwe ngati ine.

Ndinabwera ku Glasgow kudzaphunzira. Kuno munthu wamba saloledwa kusunga mfuti yeniyeni ya m'manja, koma kuli makalabu owombera chandamale ndi mfuti zoponya timipira tapulasitiki. Mfutizo sungazisiyanitse ndi zenizeni. N'zakuda, zolemera, ndipo magazini yake, kabokosi kosungira timipirato, ndi yachitsulo. Ndinalowa kalabu ina ku Easterhouse, dera lina la mzindawu, kuti ndizipumitsako mutu.

Kumeneko ndinapeza Mmalawi mnzathu wodzitcha Sajeni. Ankati kumudzi anali msilikali, koma ndinadzamva kuti ankalondera sitolo ya matayala. Chandamale chake chinkabwerako chosaboola ngati changogulidwa kumene, komabe mfuti yake anaiunjikira tizitsulo ta pa intaneti ngati minibasi ya munthu wolemera dzulo.

Ine zala zanga n'zazifupi. Kuti chala chachikulu chifike pa batani lotulutsira magazini, ndinkayamba ndatembenuza mfuti m'dzanja, nthawi n'kumapita. Sajeni anandiuza kuti ndichotse batani la kufakitale, ndiikepo lalitali lotulukira kunja. Mphunzitsi wa kalabu, mayi wina wa ku Govan, anandichenjeza kuti batani lotere limadinika lokha likagunda chinthu, ndipo kuli bwino ndiphunzitse dzanja. Sajeni anangoseka, nati zimenezo ndi za anthu amene sanaonepo nkhondo.

Ndisaname, ubwino wake ndinauona. Chala chinkafika mosavuta ndipo kusintha magazini kunafulumira. Koma posakhalitsa magazini inayamba kumagwa yokha, mwina poika mfuti patebulo, mwina dzanja lamanzere likangokhudza batanilo. Katswiri uja ankati ndizolowera.

Loweruka lina masana, pochoka kukalabu, ine ndi Sajeni tinkathamangira basi. Lamulo la kalabu limati mfuti izituluka yopanda magazini, ili m'bokosi lotseka. Sajeni anati, "Ingoponya m'chikwama, iwe. Asilikali sitichita mwambo ndi zidole." Ndinaponyadi, magazini ili momwemo.

M'basi munadzaza. Tinakhala mpando umodzi, chikwama ndinachipanikiza pamiyendo. Batani lija linadinika mkatimo ine osadziwa. Nditatsegula zipi kuti nditenge foni, magazini inatsetsereka n'kugwera pansi ndi phokoso la chitsulo. Mayi amene anaima pafupi anayang'ana pansi, kenako m'chikwama, n'kuona chigwiriro cha mfuti. Anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono kukanong'oneza dalaivala. Basi inaima, anthu anatuluka mwakachetechete, ndipo woyamba kufika pakhomo anali msilikali wathu uja.

Posakhalitsa apolisi okhala ndi mfuti zenizeni anafika n'kundigoneka chafufumimba pamsewu wonyowa. Atamufunsa Sajeni ngati akundidziwa, ndinamumva ndi makutu anga akunena kuti sanandionepo.

Apolisiwo sindiwada, anagwira ntchito yawo. Ananditengera kupolisi, n'kudzanditulutsa pamene mayi wa ku Govan uja anatsimikiza kuti ndine wa m'kalabu, koma mfuti analanda ndipo kalabuyo inandichotsa. Kusukulu anandiitana kuti ndikadzifotokoze, ndipo tulo tinandithawa poopa kuti viza yanga yathera pomwepo. Vidiyo imene wina anajambula inazungulira m'mafoni mpaka mayi anga ku Kasungu anaiona. Kutchalitchi ena anayamba kundipatsa moni wapatali, pomwe Sajeni, wopanda manyazi, ankauza anthu kuti iye ndiye anandichenjeza.

Abale anga, batani lalitali lingathandize munthu wosamala pa mpikisano, koma silipatsa luso, ndipo silisankha woti alidine. Ngati chala sichifika, mverani mphunzitsi, phunzitsani dzanja, ndipo lamulo la kanyamulidwe musalipeputse ngakhale mfutiyo ili ya masewera. Koposa zonse, munthu amene nkhondo zake zonse anamenyera pakamwa musamupatse khutu. Malangizo ndi ake, koma pamsewu mudzagona nokha.