Nyumba ya Matabwa ya Abambo

Kwathu, kumapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi, nkhungu ya m'mawa imachedwa kuchoka, moti munthu umatha kuiwala kuti mapiriwo anametedwa mpala. Abambo anga anali mmodzi mwa ometawo. Moyo wawo wonse ankaotcha njerwa, ndipo uvuni uliwonse unkameza mitengo yosawerengeka.

Atakalamba, khoma la nyumba yawo linang'ambika mpaka dzanja kumalowa. Mvula inali pafupi, ndipo nkhuni zootchera njerwa zina kunalibe. Ndiye ine ndinagula matabwa omata, aja amatenga timatabwa topyapyala ta bulugama wobzala, n'kutisanjikiza mopingasa, n'kutimata ndi guluu mpaka kulimba ngati chitseko cha tchalitchi. Lole inawatula pa boma, kotsalako anayenda pangolo. Amisiri anaimika makoma m'masiku ochepa, anthu a m'mudzi atangoti kukamwa yasa.

Abambo anakana kulowamo.

"Iwe, kwathu kuno m'matabwa osalala chonchi timagonekamo ndani?" anandifunsa. "Ukufuna ndilowe m'bokosi ndili maso?"

Ndinapsa mtima, sindinama. Ndinawauza kuti kumaiko akunja anthu amamangira matabwa omwewa nyumba zosanja. Iwo anati akunjawo azigonamo okha, maliro ake ndi awo. Mvula yoyamba inagwa iwo ali m'nyumba yawo yong'ambikayo, ine mtima uli m'mwamba, kumangotchera khutu kuti mwina ndimva khoma likugwa.

Tsiku lina masana, kukutentha, ndinawapeza atalowa okha m'nyumba yatsopanoyo. Anagogoda khoma ndi ndodo yawo. Analinunkhiza. Anayendetsa chala m'mizere ya thabwa pang'onopang'ono, monga ankachitira powerenga Baibulo lawo la zilembo zikuluzikulu. Kenako anakhala pansi n'kutsamira khomalo, tulo n'kuwaba. Dzuwa linkalowera pawindo n'kupaka makoma onse chikasu, fungo la mtengo lili chipinda chonse, njiwa zikulira kutali kumunda. Zonse zinali zii, ngati nanenso ndikulota. Ndinaima pakhomo kuyang'ana chifuwa chawo chikukwera, chikutsika, ndipo mantha awo aja anandilowa ine. Bwanji ngati ankanena zoona? Ndinafuna kuwagwedeza, koma ndinawasiya agone.

Atadzuka anandiyang'ana nthawi yaitali ngati sakundidziwa.

"Ndimazula bowa ndi amayi ako kuphiri," anatero. Amayi anatisiya kalekale, ine ndili kamtsikana. "Ndinawafunsa ngati abwera kudzanditenga. Angoseka. Akuti ndisiye uchitsiru, muno simudontha."

Ndinangoima pakhomopo. Misozi ya chimwemwe ndi chisoni inangoti mbwembwembwe.

"Nanga wangoima bwanji?" anatero. "Katenge bulangete langa, mitambo ija yayamba kuda."